Shopu ya fotokope ya pa Chitakale imene imayamba yatsegula fayilo

Pa Chitakale ku Mulanje mashopu a fotokope alipo okwanira, ndipo ambiri ndinalowamo kale. Imene ndikufuna kunena pano ndi ina yaing'ono, ya chipinda chimodzi, kuseri kwa magolosale mukapatuka pang'ono pamsewu wopita ku Muloza. Dzina sinditchula poti ndili ndi madandaulo angapo, komanso eni ake timapatsana moni tsiku ndi tsiku. Amene mumapulinta kawirikawiri muizindikira. Ndi shopu ija achemwali ake sakupulintirani kanthu musanayang'ane limodzi fayilo yanu pa sikirini, tsamba ndi tsamba, ngakhale muwauze kuti minibasi ikukusiyani.

Ine ndimaphunzitsa masamu pasekondale ina yoyendera cha ku Limbuli. Zopulinta zanga ndi mayeso a teremu, a mock a Folomu 4, ndi timapepala ta ntchito ya m'kalasi. Koma munthu ukakhala ndi laputopu kumudzi umasanduka kalaliki wa fuko lonse. Pulogalamu ya chinkhoswe ndi iwe, lipoti la komiti ya kutchalitchi ndi iwe, kalata yofunsira ntchito ya mphwako ndi iwe. Ndiye pali alamu anga amene ali m'komiti ya kalabu ya alimi ang'onoang'ono a tiyi, amene nthawi ndi nthawi amayenera kukaonetsa masilaidi pamsonkhano. Mafayilo onsewa amachokera m'manja osiyanasiyana, ena analembedwa pafoni, ena pakompyuta yakale ya kuofesi, ndipo amakakumana pamakina amodzi a shopu. Apo m'pamene umasiyanitsa wodziwa ntchito ndi wongodina batani.

Vutolo aliyense wolemba pakompyuta analionapo. Mwakonza pepala la mayeso la masamba anayi, mwaliyang'ana bwinobwino kunyumba, lili mwaudongo. Likatuluka m'pulinta masamba ndi asanu, funso 7 laduka pakati, chojambula chake chathawira kutsamba lina, malikisi amene munawandanda kumanja amwazikana ponseponse. M'mashopu ena amakupatsani mapepalawo akali otentha n'kukuuzani mtengo, mukadandaula akuti, "Ndi mmene fayilo yanu inalili, bwana." Ndalama zapita, mapepala sangagawidwe kwa ana.

Achemwali a pashopuyi anandifotokozera nkhaniyi tsiku lina magetsi atazima, tikudikira. Anati, "Aphunzitsi, fayilo ya Word sinyamula tsamba mmene mukulioneramo. Imanyamula mawu ndi malangizo: apa zilembo zakuti, zazikulu mwakuti, papepala lakuti. Kompyuta yolandira ndiyo imalimanganso tsambalo ndi zimene ili nazo. Zili ngati kutuma mwana kumsika ndi kapepala. Akapanda kupeza chimene mwalemba, amagula chimene iye akuona kuti n'chofanana nacho." Kuyambira pamenepo zambiri zimene ndinkaziyesa matsenga a makina zinayamba kumveka.

Chimene amayamba kuyang'ana ndi fonti, mtundu wa zilembo. Kale Word inkayamba ndi Times New Roman. Office 2007 (gulu la mapulogalamu a Microsoft mmene muli Word ndi PowerPoint) itabwera, Microsoft inaika Calibri, ndipo mu 2023 inalengeza ina yatsopano, Aptos, imene tsopano imabwera yokha mukatsegula fayilo yatsopano pa Microsoft 365. Mnzanu wa ku Blantyre amene ali ndi laputopu yatsopano akakutumizirani lipoti, n'kutheka lili mu Aptos iye osadziwa n'komwe. Makompyuta ambiri a kuno akadali ndi Office 2010, 2013 kapena 2016, ndipo Aptos mulibe. Kompyutayo siifunsa kanthu, imangoika fonti ina m'malo mwake. Zilembo za fonti iliyonse zili ndi m'lifupi mwake, ndiye mzere umene unkakwana mawu khumi ndi awiri ukukwana khumi ndi limodzi, liwu lotsalalo latsikira pansi, ndime yatalika, tsamba lasefukira. Achemwaliwa akaona fayilo yotere amakuuzani musanalipire, n'kukufunsani ngati asinthe zonse zikhale Times New Roman kapena Arial, zimene zimapezeka pakompyuta iliyonse ya Windows. Akasintha amayendanso nanu masamba onse. Pakompyuta yawo yachiwiri ali ndi LibreOffice, pulogalamu yaulere yogwira ntchito ngati Office, imene imabwera ndi mafonti opangidwa dala kuti akhale ofanana m'lifupi ndi ena otchuka: Carlito m'malo mwa Calibri, Liberation Serif m'malo mwa Times New Roman, Liberation Sans m'malo mwa Arial. Fayilo ikavuta kwina amaiyesa kumeneko.

Anthu a maukwati ndi amene amavutika kwambiri ndi zimenezi. Mnyamata watsitsa pa intaneti fonti yokhotakhota yokongola, walembera mayina a akwati pa khadi, wabweretsa fayilo ya Word. Fontiyo yatsala pa laputopu yake, ndipo pa sikirini ya shopu mayinawo akuoneka ngati mutu wa kalata ya kuboma. Komanso mafonti okongoletsa ambiri alibe chilembo cha ŵ chimene ena amalemba m'mawu ngati Malaŵi, ndiye pamalo pake pamatuluka kabokosi, kapena chilembo chimodzi chokhacho chimaoneka chosiyana ndi zinzake. Pa Word ndi PowerPoint za pa Windows pali njira yolowetsera fonti m'fayilo momwemo: File, Options, Save, kenako kuchonga pa Embed fonts in the file. Achemwaliwa anandionetsa, koma anandichenjezanso kuti fayilo imalemera, ndipo mafonti ena eni ake analetsa kuwanyamula motero. Kwa iwo njira imeneyi ndi yachiwiri.

Chachiwiri chimene amaona ndi kukula kwa pepala, ndipo ichi n'chimene chimandikhudza ine wa masamu. Kuno timagwiritsa ntchito A4, ya mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali. Malaputopu ambiri a kaunjika amabwera atatcheredwa za ku America, kumene pepala lawo ndi Letter, pafupifupi mamilimita 216 ndi 279, lonenepa pang'ono koma lalifupi. Fayilo ya Letter ikapulintidwa pa A4, makina amatha kuichepetsa pang'ono kuti ikwane. Pa kalata wamba palibe amene angazindikire. Koma ngati funso likuti mwana ayeze mzere ndi rula, mzere umene munaujambula wa 10 cm umatuluka wopereŵera ndi mamilimita angapo, ndipo kalasi yonse ipeza yankho losiyana ndi la pa marking scheme popanda kulakwa kwawo. Pashopuyi, akaona zojambula za masamu, amatsegula Page Setup kuona ngati pali A4, ndipo populinta PDF amasankha Actual size (kukula kwake kwenikweni) osati Fit (kusintha kukula kuti ikwane papepala). Tsiku loyamba anapulinta tsamba limodzi, n'kutulutsa rula m'dirowa, akuti, "Tayezani kaye, aphunzitsi." Shopu ina iliyonse imene ndinalowamo sinachitepo zimenezo.

Pali chizoloŵezi china chimene ife aphunzitsi tili nacho, chimene achemwaliwa amadana nacho poyera. Pofuna kuti malikisi akhale kumapeto kwa mzere, timadina spacebar mpaka afike. Pofuna kuyamba tsamba latsopano, timadina Enter mpaka titsike. Mizere yoyankhira timaipanga ndi madontho, kudina limodzilimodzi. Zonsezi zimaima bwino pokhapokha fonti ndi pepala zikhale zomwezo. Kukasintha kanthu kakang'ono, mipata ija imakankhana ndipo pepala lonse limagwa. Mphunzitsi mnzanga wa Chingerezi anauzidwa mosapsatira kuti aphunzire kugwiritsa ntchito Tab, kuti tsamba latsopano limayamba ndi Ctrl ndi Enter, ndipo kuti funso ndi malikisi ake akaziika mu tebulo lopanda mizere sizisunthanso. Anatuluka atakwiya, akuti mwana wamng'ono sangamuphunzitse kutayipa. Teremu yotsatira anabwera ndi tebulo.

Za mtundu wa fayilo amazidziwanso bwino. Mafayilo akale a Word ndi PowerPoint ankathera ndi .doc ndi .ppt. Kuyambira Office 2007 anakhala .docx ndi .pptx. Anthu ena mpaka pano amasunga mu .doc poganiza kuti ikatseguka paliponse, ndipo n'zoona kuti imatseguka, koma kwa ine ndi chiwonongeko: ma equation olembedwa ndi chida cha Word yatsopano amasanduka zithunzi mukasunga mu .doc, moti mukapeza kuti pena pafunika kukhala 3 m'malo mwa 8 simungakonze pamenepo. Ma equation amenewa amadaliranso fonti yakeyake, Cambria Math, ndiye akatsegulidwa pamakina opanda fontiyo zizindikiro zina zimasokonekera. Word ili ndi kachida kotchedwa Check Compatibility, pansi pa File ndi Info, kamene kamakuuzani zimene zingatayike pa Word yakale. Ine ndinakaonera pashopu pomwepa.

Ndiye pali za pafoni. Achinyamata ambiri kuno amalemba makalata ndi ma CV pa WPS Office kapena Google Docs, ndipo palibe cholakwika. Kungoti pulogalamu iliyonse imaŵerenga .docx mwa njira yake, makamaka matebulo, timabokosi ta mawu ndi zithunzi zoikidwa pakati pa ndime. Komanso sikirini ya foni imapinda mizere kuti ikwane m'manja, ndiye wolembayo sanalionepo tsamba lenileni mpaka atafika pashopu. Wina amabwera ndi fayilo ya .pages kapena .key yochokera pa iPhone ya m'bale wake wa ku Johannesburg, imene Word ndi PowerPoint sizitsegula. Wina amatumiza linki ya Google Docs imene mwini wake sanapereke chilolezo choti ena aitsegule. Achemwaliwa sabweza munthu. Amatenga foniyo, kumuonetsa pamene pali Export kapena Download, n'kumuuza kuti ulendo wina adzachitire kunyumba.

Lamulo lawo ndi lalifupi, ndipo analilemba ndi maka papepala lomata pakhoma: chomalizidwa chibwere mu PDF, chofuna kukonzedwa chibwere mu Word. PDF inapangidwa ndi Adobe mu 1993, ndipo mu 2008 inakhala muyezo wa ISO, bungwe la miyezo la padziko lonse, umene kampani iliyonse ingagwiritse ntchito. Ubwino wake ndi wakuti imasunga tsamba lomangidwa kale, chilembo chilichonse pamalo pake, ndipo kaŵirikaŵiri mafonti amakhala momwemo. Ikatsegulidwa pafoni, pa laputopu kapena pakompyuta yakale ya shopu, imaoneka chimodzimodzi. Kuipanga sikufuna pulogalamu ina: Save As, n'kusankha PDF. Chofunika n'chakuti muipange pamakina pamene munalembera, pamene zonse zikuoneka bwino. Kukaipangira kushopu fayilo itasokonekera kale sikupulumutsa kanthu.

Apa ndimasiyana nawo pang'ono. Iwo amakonda PDF mopitirira. Lipoti la kutchalitchi limadutsa kwa msungichuma ndi kwa abusa lisanamalizidwe, ndipo aliyense amafuna kusinthamo mawu. Mukatumiza PDF kwa anthu otere mwawamanga manja, ndipo ena amayamba kuisandutsanso Word ndi timapulogalamu ta pa intaneti, zotuluka zake n'zoipa kuposa poyamba. Ine ndimatumiza ziŵiri: .docx yoti akonze, ndi PDF yoti aone mmene tsamba liyenera kukhalira. Achemwaliwa amati ndikuwononga bandulo. Mwina.

Nkhani ya masilaidi ndiyo inandichititsa kuti shopu imeneyi ndiziitchula kwa anthu. Alamu anga anayenera kukafotokoza za kalabu yawo pamaso pa alendo kuholo ina ku boma. Masilaidi anawakonzera mwana wawo amene ali kukoleji, okongola kwambiri, okhala ndi zithunzi za minda, kavidiyo ka amayi akuthyola tiyi, ndi mawu oyenda mochititsa kaso kuchoka pa silaidi ina kupita pa ina. Tinapita kushopu kukangopulinta makope oti tigaŵire anthu. Achemwaliwa m'malo mopulinta anayamba mafunso. Mukaonetsera pa laputopu ya ndani? Ili ndi PowerPoint yanji? Pulojekita yake ndi yakale kapena yatsopano? Alamu anga sanadziwe ngakhale limodzi, n'kuyamba kutuluka thukuta. Achemwaliwa anati, "Musadandaule bambo, tikonzekera zonse."

Zimene anafotokoza n'izi. Kuyambira PowerPoint 2013, masilaidi amayamba ali otambalala, a 16:9, pamene mapulojekita akale ambiri a m'masukulu ndi m'matchalitchi ndi a 4:3, osatambalala kwambiri. Silaidi yotambalala imaonekabe pa pulojekita yotere, koma imachepa, pamwamba ndi pansi pamatsala mdima, ndipo zilembo zazing'ono a kumbuyo saziona. Anatsegula Design ndi Slide Size n'kupanga kope lachiŵiri la 4:3, n'kukonza zithunzi zimene zinasuntha. Kayendedwe kokongola kaja ndi kotchedwa Morph, ka PowerPoint zatsopano, ndipo pa zakale sikaoneka motero, silaidi imangozimirira ina n'kubwera. Iwo anati pamenepo palibe chotayika, bola wolankhula asadalire kayendedweko pofotokoza. Kavidiyo ndiye kanali kodetsa nkhaŵa, chifukwa vidiyo imene yangolumikizidwa ku fayilo osaloŵetsedwamo imatsala pakompyuta ya mwini wake, ndipo ngakhale yoloŵetsedwa imatha kukana pa PowerPoint yakale. Anatiuza tiimbire mwanayo atumize vidiyoyo payokha mu MP4, anaiika mufoda imodzi ndi masilaidi, n'kuwonjezeramo VLC, pulogalamu yoonetsera mavidiyo, kuti PowerPoint ikakana tiitsegule padera. Pomaliza anapanga PDF ya masilaidi onse, akuti zikafika pa mwana wakana phala mutsegule iyi n'kuidzazitsa sikirini, palibe amene adzadziŵe kusiyana kwake. Anakumbutsanso za chingwe: mapulojekita akale ndi a VGA, pamene malaputopu atsopano ambiri ali ndi HDMI yokha, ndiye pamafunika kachipangizo kolumikizira. Amagulitsa, koma anatibwereka kawo.

Kuholoko laputopu inali yakale ndithu, ndipo pulojekita inali ya VGA. Alamu anga anagwiritsa ntchito kope la 4:3, vidiyo anaitsegula pa VLC. Pa ntchito yonse ija achemwaliwa anangotilipiritsa makope opulinta, zimene ndikuona kuti n'kudzibera okha.

Potumiza fayilo amakonda WhatsApp kuposa flashi, ndipo chifukwa chake n'chomveka kwa aliyense amene anaonapo mafoda ake atasanduka ma shortcut chifukwa cha vayirasi. Flashi amailandira monyinyirika, n'kuyamba kaye kuisikana. Pa WhatsApp amati zithunzi ndi masikani muzitumiza ngati Document, chifukwa mukatumiza ngati chithunzi wamba zimafinyidwa ndipo chidindo cha pasatifiketi chimatuluka chosaŵerengeka. Pa Gmail fayilo yomata singapitirire 25 MB, ndiye masilaidi a zithunzi zambiri amawauza kuchepetsa kaye ndi Compress Pictures. Amafunanso dzina lenileni pa fayilo. Pakompyuta yawo pali ma Document1 ndi ma "final" osaŵerengeka, ndipo munthu akhoza kupulintiridwa lipoti la mnzake. Kulipira ndi kashi, Airtel Money kapena Mpamba.

Tsopano madandaulo. Kusamala konseku kumadya nthaŵi. Sabata ya mayeso kapena kumapeto kwa mwezi, mzere umafika panja, ndipo amene wabwera kudzapanga fotokope ya chitupa chimodzi amadikira kumbuyo kwa munthu amene akukonzeredwa matebulo. Makina a fotokope ali pomwepo, akanatha kuika mwana wina wothandiza anthu otere. Mtengo wa tsamba ndi wokwererapo kuposa wa oyandikana nawo, ngakhale ine ndimauona woyenera ndikaganiza mapepala amene ndinatayapo kwina. Pulinta ya kala ndi yotopa, chobiriŵira cha munda wa tiyi chimatuluka chotuŵa, ndiye makhadi a ukwati ndi bwino kukonzera pano n'kukapulintira kwina ndi PDF m'manja. Jenereta alibe. Magetsi akapita mumakhala pabenchi n'kumayang'ana mitambo paphiri.

Achemwaliwa akachoka, pashopu pamatsala mchimwene wawo. Mnyamata waulemu, koma ndi wa gulu lodina batani lija. Satsegula Page Setup, safunsa za fonti, ndipo pepala la pakhoma lija kwa iye ndi chokongoletsa. Ubwino wonse wa shopuyi uli m'mutu mwa munthu m'modzi, ndiye mukafika n'kupeza palibe, ngati fayilo yanu si PDF bwererani.

Dandaulo lalikulu ndi la chinsinsi. Mafayilo a makasitomala amatsala pa desikitopu ndi mu Downloads kwa masabata, ndipo sikirini imayang'ana kubenchi kumene anthu amadikirira. Ndinaonapo mayina a mafayilo a anthu ena amene sindinayenere kuwaona, za ngongole ndi za kuchipatala. Kwa mphunzitsi izi si zazing'ono, chifukwa ana athu omwe amaloŵa m'shopu imeneyi kudzapanga fotokope ya manotsi. Ndinawauza achemwaliwa, anavomera, anasintha kwa kanthaŵi, kenako zinabwerera mwakale. WhatsApp imene amaikonda ija imawonjezera vutoli, chifukwa fayilo imatsalanso pafoni ya shopu ngakhale aifufute pakompyuta. Choncho mapepala a mayeso okha ndimawanyamula pa flashi, anyinyirike asanyinyirike, ali mu PDF, ndipo amatsegulira pa flashi pomwepo osakopera pakompyuta. Mock ya Folomu 4 ikubwerayi ndidzapita nayo komweko, pakati pa sabata m'maŵa ana ali m'kalasi, nditayamba ndaimba foni kufunsa ngati achemwaliwo alipo.